Msewu wa Moto wa Alamu Anga

Alamu anga a Pasikale tinawaika m'manda mwezi wa Juni, tsiku la nkhungu yoti sumuona munthu amene ali patsogolo pako. Wailesi inawatchula kamodzi, pakati pa nkhani ya mpira ndi ya mitengo ya fodya, kuti phungu wakale wa kuno kumapiri a Dedza watisiya atadwala nthawi yochepa. Ku Lilongwe kunachokera nkhata yamaluwa ndi bambo mmodzi wa suti yakuda. Anawerenga uthenga papepala, analakwitsa dzina la mudzi wathu kawiri, n'kunyamuka tisanapite n'kumanda komwe. Sindikumudandaula. Kunkazizira, ndipo a Pasikale sanali munthu woti akuluakulu a kumeneko awazizidwire.

Mkazi wawo, Felesita, ndi mlongo wanga. Ine ndine wamkulu pa mbumba yathu, ndipo uphunzitsi ndinapuma kalekale. Zanga zithere pomwepo. Ndikulemba za iwo chifukwa pali chinthu chimene ndinawachita, chimene iwo apita nacho kumanda osauza munthu, pomwe anthu amene anawada chifukwa cha chinthucho akadali moyo.

Asanakhale phungu anali kapitawo wa anthu ogwira ntchito m'nkhalango ya paini ya m'Phiri la Dedza. Sukulu anaphunzira ku Kasina koma sanapite nayo patali. Anabwera pamudzi pathu ngati mkamwini ali ndi sutikesi yachitsulo ndi chijasi chobiriwira cha kuntchito, ndipo chijasicho anakalamba nacho limodzi. Ankanunkha utomoni wa paini ngakhale atangochoka kosamba. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba sunkatha kucheza nawo nkhani n'kuimaliza, chifukwa uli pakati polankhula ankatukula mphuno, kutembenukira kuphiri, kenako n'kukufunsa kuti umati chiyani paja. Amayi athu ankaseka kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mphuno.

Ntchito imene ankainyadira inali yolambula msewu wa moto. Amene simunakhalepo kufupi ndi nkhalango mwina simuudziwa. Si msewu woyendamo galimoto. Ndi mpata umene amalambula pakati pa tchire ndi mitengo, kupala udzu wonse mpaka dothi lioneke, kuti moto wa osaka mbewa ukafika pamenepo usowe chakudya. Chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma, boma linkalemba amuna a m'midzi yathu kuti akalambule, ndipo mmodzi ankakhala pansanja pamwamba pa chitunda kuyang'ana utsi. Wa pansanjayo anali a Dafuleni, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula, amene anayamba ntchito tsiku limodzi ndi alamu. Awiriwa ankagawana mbatata yootcha imodzi. A Dafuleni akamenya chitsulo pansanja, a Pasikale ankadziwa ndi kaliridwe kokha kuti moto uli mbali iti.

Ndi anthu a kunkhalango amenewa, pamodzi ndi alimi a mbatata, amene anawanyamula kupita nawo ku nyumba ya malamulo. Ife ophunzira a m'dera lino tinaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, poti Chingerezi cha alamu ndinkachidziwa, chinkayenda ngati ngolo yodzaza ikukwera chitunda. Koma anapambana, ndipo chipani chawo ndicho chinalowa m'boma. Tinati basi tapata, phula lifika pakhomo.

Phula silinafike.

Ku nyumba ya malamulo nkhani zambiri amangokuwa onse pamodzi, ovomera ndi okana, sipikala n'kumva mbali imene yakuwa kwambiri. Koma nkhani ikavuta belu limalira, zitseko amatseka, kalaliki n'kuyamba kuitana aphungu mmodzimmodzi, ndipo yankho la aliyense limalembedwa pambali pa dzina lake. Pamenepo palibe zobisala kumbuyo kwa mnzako. Zaka zimenezo boma linkati thumba laperewera, ndipo bajeti iliyonse inkabwera ndi mpeni. Atafuna kuchepetsa anthu olandira makuponi a feteleza, alamu anati ayi. Pa za mankhwala a m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi anati ayi. Atafuna kuimitsa kulemba aphunzitsi atsopano, anakananso. Ndiye ankakana atakhala pa mabenchi a boma, anzawo a chipani chimodzi akuwayang'ana ngati munthu amene wayetsemulira m'mbale.

Sikuti ankakana chilichonse. Ankati boma nalo limafuna kudulira monga mtengo, ndipo iwo ntchito yodulira anaigwira zaka zambiri. Chimene chinkawawawa n'chakuti odulira a ku Lilongwe ankasiya nthambi zouma, za maulendo a pandege ndi magalimoto atsopano, n'kukadula kunsonga kumene mtengo umakulira. Ndipo anali ndi kachitidwe kawo. Akamva kuti chakutichakuti chidulidwa, ankayamba apita kukachiona ndi maso. Tsiku lina anakhala pabenchi ya kachipatala kena ka m'dera lawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, atavala chijasi chija, osanena kuti iwo ndi ndani, kumangoyang'ana amayi akubwerera ndi kapepala m'manja opanda mankhwala. Namwino anawakalipira kuti agogo ngati simukudwala patsani malo odwala. Anapepesa, n'kukaima panja.

Chipani chinawalanga mwa njira zake. Anawasunthira kubenchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Unduna unawadutsa pamutu kangapo kupita kwa anyamata amene anawapeza m'nyumbamo. Thalakitala yosalaza misewu inkafika pamalire a dera lawo n'kutembenuka. Iwo zimenezi sizinkawadetsa nkhawa. Ankati kumbuyoko n'kwabwino, munthu umaona amene akugona. Anzawo akapita kukadya ku hotela, iwo ankakhala m'galimoto n'kumasenda mbatata yophikaphika imene Felesita ankawalongedzera Lolemba.

Ine zinkandinyansa, ndipo sindinkabisa.

"Alamu," ndinawauza tsiku lina tili pakhonde, "ayi wanuyu tidzadya? Mukakana zinthu zimadutsabe, anzanu ndi ambiri. Bwanji osangovomera kamodzi kuti atipatse mlatho?"

"Aphunzitsi," anayankha, poti ankanditchula choncho akafuna kundipsetsa mtima, "mwana mmodzi akakhoza samu kalasi yonse italakwa, mumamuchonga kapena mumamuuza kuti atsate anzake?"

"Kalasi simanga mlatho."

"Ndiye muziwoloka pamiyala, monga munkawolokera popita kukafunsira mbeta ku Mphunzi. Nthawi imeneyo simunkadandaula."

Tinkakangana choncho mpaka tiyi kuzizira, mawa lake n'kuyambiranso. Koma chimene anthu sanawakhululukire si mlatho. Ndi maliro. Kuno phungu timamuyesa ndi maliro. Abwere, galimoto lake linyamule bokosi, akhale pansi ndi anamfedwa, alankhule. A Pasikale nyumba ya malamulo ikamakumana sankabwera. Galimoto ankatumiza, matabwa a bokosi ankatumiza, Loweruka ankafika kudzapepesa, koma tsiku loika likagwa mkati mwa sabata, pasiwa sankaoneka. Ankati anthu sanawatume ku Lilongwe kuti azikumba manda, adzukulu alipo. Anawatuma kuti dzina la dera lino likaitanidwa pakhale woyankha. Mawu amenewa ndi omveka munthu ukakhala pakhonde. Pamaliro a mbale wako samveka.

Mkazi wa a Dafuleni atamwalira, nakonso sanabwere. Linali tsiku la nkhani ya makuponi ija. Anthu pamaliropo anang'ung'udza, ena mokweza, kuti munthu wataya mnzake wodya naye mbatata imodzi. Ndinaona ndi maso angawa a Dafuleni akudzuka pamphasa, maso ali psuu, n'kutambasula dzanja.

"Asiyeni," anatero. "Ndawauza ndine kuti asabwere. Mkazi wanga sadzuka chifukwa choti phungu wabwera. Akhale komweko, akutiimira."

Alamu anandiuza pambuyo pake kuti sabata imeneyo awiriwa sanalankhulane n'komwe. A Dafuleni ananama kuti ateteze mnzawo, ananama pamaliro a mkazi wawo. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wofuna kunyoza a Pasikale pa nkhani ya maliro ankayamba wayang'ana ngati a Dafuleni ali pafupi.

Amene anawadziwa alamu zaka zawo zomalizira zokha sangakhulupirire kuti awiriwa anakondanapo. Iwo anadziwa mdala wa chikwakwa. Uphungu utatha, udzu ukangoyamba kuuma a Pasikale ankadzuka m'mawa, kuvala chijasi, kunyamula chikwakwa ndi khasu, n'kukwera kumtunda kwa mudzi wathu kukalambula msewu wa moto. Okhaokha, popanda wowatuma, popanda wowalipira. Mphamvu za munthu mmodzi zinkafika kuchokera pa mwala wong'ambika mpaka pa kamtsinje, kagawo kakang'ono ka msewu umene kale unkazungulira mbali yonse ino ya phiri. Ankayeza m'lifupi mwake ndi mapazi monga ankachitira ali kapitawo, ndipo akapeza kuti paperewera phazi limodzi ankabwerera. Anthu ankati mutu sukuyenda bwino. Ine ndinkati akuzunza mlongo wanga ndi kuchapa.

A Dafuleni ankadutsa pamenepo popita kudimba kwawo. M'mawa uliwonse alamu ankaweramuka, kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, a Dafuleni?" A Dafuleni ankadutsa ngati adutsa chitsa. Chaka ndi chaka zinali choncho. Felesita akuti tsiku lina alamu anabwera kunyumba nkhope ikuwala, iye n'kufunsa kuti kwagwanji. Anati, "Lero anatsokomola." Anakhala osangalala tsiku lonse chifukwa cha chifuwa cha munthu.

Tsopano ndinene chimene chinachitika pakati pa zinthu ziwirizi.

Chaka china bajeti inabwera itachotsa ndalama zolembera anthu olambula msewu wa moto ndi olondera pansanja. Papepala unali mzere umodzi waung'ono. Lamulungu masana amuna a kunkhalango anafika pakhomo pa alamu, a Dafuleni ali patsogolo, zipewa zili m'manja. Ine ndinalipo. A Dafuleni ndiwo analankhula, ndipo sanachulutse.

"Sitikunena kuti mukapambane, tikudziwa kuti anzanu ndi ambiri. Ntchito itithera, taona kale. Chimene tikufuna n'chakuti tikamve pa wailesi dzina lanu likukana. Tidziwe kuti panali munthu mmodzi amene anatiwerenga ngati anthu."

"Mudzamva," anatero alamu. "Ngakhale atanditsekera m'chimbudzi, ndidzakuwa muli momwemo."

Anaseka onse. Sabata imeneyo alamu anayenda benchi ndi benchi, mpaka kwa a mbali yotsutsa, kupempha kuti nkhaniyi isadutse mongokuwa koma aitane mayina. Zinatheka. Anaika kuti adzavota Lachinayi masana.

Lachiwiri amayi athu anamwalira kuchipatala ku boma. Monga mwinimbumba, tsiku loika maliro ndinkayenera kulinena ndine, ndipo ndinanena Lachinayi. Nkhani ya voti ndinkaidziwa. Ndinawaimbira foni alamu ndili kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe wondimva.

"Pepani kwambiri, alamu," anatero, poti amayi ankawakonda ndipo amayi nawo ankawakonda kuposa mmene ankandikondera ine. "Amayi anali amayi anga inenso. Ndibwera. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Thupi ligone kumochale tsiku limodzi lokha, tiike Lachisanu. Lachinayi ndili ndi lonjezo, munalipo."

"Adzukulu tawauza kale."

"Adzukulu ndilankhula nawo ndine. Chimanga chodyetsa anthu tsiku lowonjezeralo chichokera kwa ine."

Zinali zotheka. Bambo mfumu akanabwera Lachisanu chimodzimodzi. Achibale ena a kutali anali asanafike n'komwe, ndipo tsiku limodzi likanawathandiza. Palibe mwambo umene ukanasweka. Koma ine ndinali nditameza chipongwe zaka zambiri. Pabawo, pamsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi anthu ankandifunsa kuti aphunzitsi, kodi mlamu wanu uja amaopa mitembo? Ndinkafuna dera lonse lione phungu atagwada pasiwa ya amayi anga, pa tsiku limene ndanena ine.

"Amayi anga sadikira belu la ku Lilongwe," ndinatero. "Inu pamudzi pano munabwera ndi sutikesi. Mukapanda kuoneka Lachinayi mudzaipeza panja, ndipo za Felesita mudzaiwale."



"Ndamva, alamu," anatero.

Anafika Lachinayi kusanache bwino. Anavula jekete, n'kugwira ntchito zonse za mkamwini. Anawaza nkhuni, ananyamula mabenchi kuchokera kutchalitchi, anagwada polonjera akuluakulu a kwathu ngati wabwera dzulo. Ndikudziwa kuti mumtima ankayembekeza kuti tikamaliza dzuwa lili pamutu, athamanga n'kukapeza belu lisanalire, poti Lilongwe si kutali kwa munthu wa galimoto. Koma mkamwini sachoka manda asanakwiriridwe. Ndipo chifukwa choti phungu anali pamaliro, chinthu chosaonekaoneka, aliyense anafuna kulankhula. A mphakati wa kutchalitchi analankhula, a kwaya analankhula, a chipani analankhula. Ine ndinalankhula kuposa onse. Ndinayambira chaka chimene amayi anabatizidwa. Ndikulankhula choncho ndinkawaona alamu akuba maso kuyang'ana dzuwa, ndipo sindinafupikitse.

Titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja, ndinawafunafuna kuti adzadye ndi akuluakulu. Ndinawapeza m'galimoto lawo, pansi pa mtengo wa mapichesi umene nyengo imeneyo unalibe tsamba. Chitseko chinali chotsegula, mwendo umodzi uli panja, nsapato ili ndi dothi lofiira la kumanda. Wailesi inali yotsegula. Kalaliki ankaitana mayina, ndipo mayankho ankabwera mmodzimmodzi, ovomera ambiri, okana apa ndi apo. Kenako anaitana dzina lawo. M'wailesimo munali chete. Anaitananso kachiwiri.

"Ayi," anatero alamu, kuyankha wailesi, ndi mawu otsika ngati akuyankha pemphero.

Kalaliki anapitirira ku dzina lotsatira.

Anatseka wailesi, n'kundiona nditaima pamenepo. Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya. Anangoti, "Chakudya chapsa, alamu?" n'kutuluka m'galimoto.

Tisanafike pakhonde tinakumana ndi a Dafuleni. Amuna a kunkhalango nawonso anabwera kudzakhuza maliro, ndipo anali ataunjikana kuseri kwa khola pa kawailesi kakang'ono. Anali atawaona alamu kuyambira m'mawa, koma anamverabe, kaya ankayembekeza chiyani. A Dafuleni anaima patsogolo pathu. Anayang'ana dothi la pansapato za alamu, kenako nkhope yawo.

"Kani maliro mumakhuza, a Pasikale," anatero.

Alamu anatsegula pakamwa. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Anatseka pakamwa paja, ndipo a Dafuleni anatembenuka n'kumapita osadya. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene a Dafuleni anawalankhula kwa mnzawo pa dziko lino.

Ndalamazo zikanadulidwabe, alamu akanakhalako kapena ayi. Zimenezi ndadziuza kambirimbiri, ndipo n'zoona, koma si zimene anthu aja anapempha. Chaka chimenecho msewu wa moto sunalambulidwe. Chaka chotsatira, mu Okutobala, moto unachokera kudambo, pansanja panalibe womenya chitsulo, ndipo mbali ya phiri ya kumtunda kwathu inapsa masiku angapo. Mitengo imene inapsa inali yomwe a Pasikale ndi anthu awo anadzala ndi manja awo ali anyamata. Ena mwa amuna aja, ntchito itawathera, anayamba kuotcha makala ndi kucheka matabwa mozemba m'nkhalango yomwe ankailondera. Kasupe amene akazi a kwathu ankatungako madzi tsopano amaphwa chilimwe chisanafike pakati.

Pachisankho chotsatira wopikisana nawo sanavutike n'kulonjeza zambiri. Ankangoima pagalimoto n'kufunsa anthu kuti maliro a ndani ali a anthu, a ndani ali a nkhuku. Anthu omwe ankawanena alamu kuti sabwera kumaliro ndi omwenso anawanena kuti anabwera. Mayankho awo onse aja, a makuponi, a mankhwala, a aphunzitsi, panalibe anawakumbukira. Anakumbukira tsiku limodzi. Anagwa moti ngakhale pasukulu ya m'mudzi mwathu sanapambane.

Akanatha kunena. Pamsonkhano uliwonse akanangoti ndinapempha tsiku limodzi, mwinimbumba anakana, anandiopseza ndi ukwati. Anthu akanamva, chifukwa aliyense kuno amadziwa mmene mkamwini amakhalira, ngakhale akhale phungu. Sananene. Ankakhulupirira kuti mwamuna savula akuchikazi kwake pagulu, komanso ankati miyendo imene inawachotsa ku Lilongwe tsiku lija inali yawo. Kamodzi kokha ndinayesa kuiyamba nkhaniyi. Tinali pakhonde, iwo akunola chikwakwa.

"Alamu, za tsiku lija la maliro a amayi..."

"Amayi tinawaika bwino," anatero, osatukula mutu. "Kunabwera anthu ambiri. Tandipatsirani madziwo."

Ndinawapatsira madzi. Mumtima ndinapuma, ndivomere. Ndinapuma ngati mwana wasukulu amene mphunzitsi waiwala kumufunsa homuweki, ndipo sindinayambenso.

Maliro awo atatha, Felesita anandipatsa katoni ya sopo imene inkakhala pansi pa bedi lawo. Anati inu ndinu owerenga, ine ndingoyatsira moto. Munali mabuku a zokambirana za ku nyumba ya malamulo, a zaka zonse za uphungu wawo. Paliponse pamene panali kuitana mayina anapinda tsamba, ndipo pambali pa dzina lawo anachonga ndi cholembera chofiira. Cholemberacho ndinachizindikira, chinali changa, chinasowa pathebulo langa kalekale ndipo ndinakalipira ana osalakwa. Tsamba limodzi lokha linalibe chochonga. Pambali pa dzina lawo kalaliki analemba kuti kunalibe. Tsamba limenelo linali lakuda ndi zala, lofewa ngati kansalu, pomwe ena onse anali oyera.

A Dafuleni kumaliro a alamu anabwera, koma anaima patali, m'mphepete mwa manda, ndipo anachoka nyimbo yomaliza isanathe. Patapita sabata ziwiri ndinawatsatira kudimba. Ndinawapeza akuthirira kabichi. Ndinawauza zonse, za foni, za Lachisanu, za sutikesi, za kulankhula kwanga kwakutali, mpaka za ayi wa m'galimoto. Sanasiye kuthirira. Anamaliza mzere wonse, anakatunga madzi ena, anamalizanso wina. Kenako anaika kheni pansi.

"Aphunzitsi, mwandiuza kuti nditani nazo?"

"Ndinaona kuti mudziwe. Sanakutayeni."

"Munthu uja wakhala akundipatsa moni m'mawa uliwonse zaka zonsezi. Inu mumadziwa. Mudzi wonse umadziwa."

"Ndinkachita manyazi."

"Manyazi," anabwereza, ngati akulawa chinthu chowola. Anakhala pansi pamzere, munthu wamtali uja, n'kugwira mawondo. "Mukanabwera chaka chatha. Ngakhale mwezi wa Meyi womwewu. Ine sindikanachita zambiri. Ndikanangoti ndadzuka bwino, kaya inu. Basi. Akanamva."

Ndinaima pamenepo ndi chipewa m'manja, mphunzitsi wamkulu wopuma, ngati mwana wogwidwa ndi mango m'thumba.

"Pitani, aphunzitsi," anatero. "Kukuzizira."

Felesita sindinamuuzebe. Mwina kulemba kumene ndikulembaku ndi mantha omwe aja atangovala jekete. Adzamva wina akadzamuwerengera, ndipo chimene adzachite ndi ine ndidzachilandira.

Sabata yatha ndinakwera kumtunda kukaona pamene alamu ankagwira ntchito. Ndinapuma katatu m'njira, n'kumadabwa kuti mdala wamkulu kuposa ine ankakwera bwanji tsiku ndi tsiku ndi khasu paphewa. Mwala wong'ambika ulipo. Pambali pake pali mwala wina waung'ono umene ankanolerapo chikwakwa, ndipo pakati pake panalowa ngati mbale. Msewu wa moto ukuonekabe ngati chipsera, kuchokera pamwalapo kutsikira kukamtsinje, koma udzu wawoloka kuchokera mbali zonse ziwiri n'kukumana pakati. Wafika m'chiuno, ndipo wauma. Kumtunda kwake kuli timitengo ta paini tomera tokha pa lupsa lija, tina tofika paphewa, ndipo udzu ukutikhudza. Pachitunda nsanja inagwa kale. Chitsulo chija anatenga ogula zitsulo zakale.

Ndinafunafuna kanjira kamene a Dafuleni ankadutsira popita kudimba, pamene alamu ankavulira chipewa. Ndinakapeza movutikira. Nakonso kamera udzu, palibe phazi lapondapo chichokereni mwezi wa Juni. Nditaima pamenepo ndinayang'ana kumunsi, n'kuona nyumba ya a Dafuleni, dimba lawo, ndi njira yaifupi yopondeka bwino yolumikiza ziwirizi m'mphepete mwa dambo. Njira imeneyo yakhalapo chibadwire changa. Munthu wochokera kunyumba kuja kupita kudimba kuja alibe chifukwa chokwerera kuno. Zaka zonsezo a Dafuleni ankakwera chitunda chonsechi m'mawa uliwonse, ndi kheni m'manja, kudzadutsa pamene panali mnzawo.

Ndinakhala pamwala wonolera uja mpaka dzuwa linapendeka. Mphepo inkachokera kudambo, ndipo ngakhale mphuno yanga ya mphunzitsi inamva. Osaka mbewa ayamba kale kutentha.